Mafuta ndi Vinyo pa Mabala: Mbiri ya Mankhwala Oziziritsa Ululu wa Khansa

M'maparishi mwathu muno ndi yowerengeka miphakati imene siinaikepo maliro a munthu wofa ndi nthenda ya khansa. Amayi ambiri imawagwira pa khomo la chiberekero kapena m'mawere. Ena, abambo ndi amayi omwe, imawatseka kum'mero kotero kuti ngakhale phala limakanika kutsika. Ambiri amafika kuchipatala nthenda itakhwima kale, ndipo dotolo akaona kuti kuchiza kwalephereka, nthawi zina amawabwezera kumudzi ndi botolo la mankhwala amadzi otchedwa mofini. Apa ndi pamene pamabuka mkangano m'banja. Wina amati mankhwalawo ndi otsirizira munthu. Wina amati adzamsandutsa kapolo wa chibaba. Winanso, amene nthawi zambiri amakhala wopemphera kuposa onse, amati mkhristu ayenera kusenza mtanda wake osaupeputsa. Tsono botolo lija limangokhala pawindo losatsekula, wodwala nkumabuula usiku wonse, ana ali kumva.

Mantha atatu onsewa ndi akale, ndipo ngakhale madotolo ndi ansembe adakhala nawo zaka zambiri. Nchifukwa chake nkwabwino kuti tione kumene mankhwalawa adachokera, m'mene anthu adaphunzirira kuwapereka, ndi zimene Eklezia adanena pa nkhani imeneyi.

Utomoni wa duwa

Mofini amachokera ku duwa lotchedwa popi, limene limalimidwa m'maiko monga India, Turkey ndi Australia. Duwalo likayoyoka pamatsala kachipatso kobulungira, ndipo kachipatsoko akakatema pang'ono ndi mpeni kamatuluka utomoni woyera ngati mkaka, umene ukauma umada. Utomoni woumawo ndiwo opiamu. Asing'anga akale a kwa Agiriki, Aroma ndi Aluya ankaudziwa bwino, ndipo ankaupereka kwa anthu osowa tulo ndi kwa omva ululu.

M'zaka za m'ma 1670 dotolo wa ku England, Thomas Sydenham, adasungunula opiamu m'vinyo naikamo zonunkhiritsa, ndipo mankhwala akewo, otchedwa laudanum, adamwedwa ku Ulaya zaka zoposa 200. Koma vuto lidalipo. Utomoni wa munda uwu sunkalingana mphamvu ndi wa munda uwo, choncho muyeso umene udathandiza wodwala dzulo unkatha kukhala wopanda ntchito lero, kapena kumgoneka munthu tulo tosadzuka nato.

Amene adamasula mfundo imeneyi adali mnyamata wophunzira ntchito yosakaniza mankhwala mu mzinda wa Paderborn ku Germany, dzina lake Friedrich Sertürner. Cha m'ma 1804 ndi 1805, ali ndi zaka zongopitirira 20, adakhoza kupatula mu opiamu kanthu kenikeni kamene kali ndi mphamvu yoziziritsa ululu. M'chaka cha 1817 adalengeza bwino lomwe zimene adapeza, ndipo dzina la mankhwalawo adalitenga kwa Morpheus, amene Agiriki ankati ndiye mulungu wa maloto. M'chaka cha 1827 kampani ya Merck ku Darmstadt idayamba kupanga mofini wambiri wogulitsa. Kuyambira pamenepo dotolo adatha kuika mankhwala pasikelo, nadziwa chenicheni chimene akupatsa wodwala.

Singano ndi mantha

M'chaka cha 1853 Alexander Wood wa ku Edinburgh ndi Charles Pravaz wa ku Lyon, aliyense payekha, adakonza jekeseni wa singano yobooka m'kati. Mofini wobaya ankagwira ntchito msanga zedi, ndipo madotolo adamlandira ndi manja awiri. Koma walira mvula walira matope. Pa nkhondo yapachiweniweni ya ku America, kuyambira 1861 mpaka 1865, asilikali ovulala adapatsidwa opiamu ndi mofini wochuluka, ndipo ambiri adabwerera kwao ali ndi chibaba chosatha. Kutatsala pang'ono apo, kuyambira 1839 mpaka 1842, Britain adamenyana ndi China chifukwa mafumu a ku China ankakana malonda a opiamu amene ankaononga anthu awo.

Zotere zidachititsa maiko kupangana malamulo okhwima, poyamba ku The Hague m'chaka cha 1912, pambuyo pake ku New York m'chaka cha 1961. Malamulowo adali ndi cholinga chabwino, koma mantha amene adadza nawo adalowa m'zipatala nagwera wodwala khansa. Chizolowezi chidali chakuti mofini aperekedwe pokhapokha ululu utafika posapiririka. Wodwala ankayenera kudikira, kulira ndi kupempha. Akabayidwa ankagona ngati wakomoka, ndipo podzuka ululu unkakhala utabwerera, iye nkuyambanso kuyang'ana kukhomo ngati namwino akubwera. Anamwino poona munthu wopempha jekeseni kawirikawiri ankati wagwidwa ndi chibaba, chonsecho chimene chinkampemphetsa ndi ululu ndi kuopa ululu.

Nyumba za osachizika

Masiku amenewo zipatala zambiri zinkatulutsa munthu zikaona kuti sachira, ndiponso anthu ambiri ankakhulupirira molakwa kuti khansa ndi yopatsirana. Amene adatola otayidwawo adali makamaka amayi a Eklezia. Ku Lyon, Jeanne Garnier, mayi wamasiye amene adaika mwamuna ndi ana ake awiri akali wamng'ono, adasonkhanitsa amasiye anzake m'chaka cha 1842, nayamba kusamala amayi a zilonda zosapola. Asisitere Achifundo a ku Ireland, chipani chimene adayambitsa Mary Aikenhead, adatsekula nyumba ya odwala mwakayakaya ku Harold's Cross mu mzinda wa Dublin m'chaka cha 1879, ndi inanso ya St Joseph's ku Hackney mu mzinda wa London m'chaka cha 1905. Ku New York, Rose Hawthorne adayamba m'chaka cha 1896 kulandira amphawi odwala khansa, ndipo pambuyo pake adayambitsa chipani cha asisitere a Dominiko Woyera ogwira ntchito yomweyo. Nyumba zotere ndizo zimatchedwa hospice.

Amayi amenewa adali ndi chikondi, ukhondo ndi pemphero, koma njira yabwino yoperekera mankhwala idali isanadziwike. Mankhwala otchuka a nthawi imeneyo ku England adali osakaniza mofini, cocaine, mowa waukali ndi madzi a shuga, ndipo adatenga dzina la chipatala cha Brompton. Ankathandiza ndithu, koma kawirikawiri ankamsiya wodwala ali mbuu, osazindikira bwino abale ake.

Yankho la Papa Pio XII

Madotolo achikatolika nawonso mtima unkawavuta. Bungwe la madotolo ogonetsa anthu pa opaleshoni a ku Italy lidatumiza mafunso atatu kwa Papa Pio XII, ndipo iye adawayankha pa 24 February 1957. Funso loyamba lidali lakuti kodi mkhristu ali ndi lamulo lokana mankhwala oziziritsa ululu, kuti avomere masautso chifukwa cha chikhulupiriro. Papa adayankha kuti lamulo lotero palibe. Munthu angathe kudzisankhira mwaufulu kupirira ululu chifukwa chokonda Mulungu, ndipo zimenezo nzolemekezeka, koma sizikakamizidwa kwa aliyense. Adaonjeza kuti ululu waukulu ndi wokhalitsa nthawi zambiri umamlepheretsa munthu kupemphera ndi kudzipereka m'manja mwa Mulungu.

Funso lachiwiri lidakhudza mankhwala ochotsa munthu chidziwitso, ndipo lachitatu lidali lolemera koposa: kodi nkololedwa kupatsa munthu amene ali pafupi kufa mankhwala otere, ngakhale pali mantha akuti angafupikitse masiku ake? Papa adati nkololedwa, ngati palibe njira ina, ngati cholinga chili kuziziritsa ululu osati kupha, ndiponso ngati wodwalayo salepheretsedwa kutsiriza udindo wake kwa Mulungu ndi kwa anthu, monga kulandira masakramenti, kuyanjana ndi abale ndi kulongosola za banja lake.

Ena amakumbutsa kuti Ambuye athu pa Kalvario adakana vinyo wosakaniza ndi mure, monga tiwerenga pa Marko 15. Nzoona. Iwo adafuna kumwa chikho cha chipulumutso chathu ali maso mpaka potsiriza, ndipo adachita zimenezo mwa kufuna kwao. Koma Ambuye omwewo m'moyo wao wonse sadauzepo wakhate, wakhungu kapena mayi wotaya magazi kuti apirire basi, adawakhudza nawachiritsa. Mtanda munthu amausenza yekha mwa chikondi. Kusenzetsa mnzako wodwala mtanda umene ukadatha kuupeputsa si ntchito ya Simoni wa ku Kirene, koma ya asilikali aja.

Chiphunzitso cha Pio XII chidabwerezedwa ndi Likulu la Eklezia m'chaka cha 1980, m'Katekisimu wa 1992 pa nambala 2279, ndi m'kalata ya Papa Yohane Paulo II yonena za Uthenga Wabwino wa moyo m'chaka cha 1995. Monsemo Eklezia akukanitsitsa kupha wodwala ngakhale pa chifukwa cha chisoni, koma kusamala ndi kuziziritsa ululu wa amene sachira akukuwerengera pakati pa ntchito zapamwamba za chikondi.

Wa kumwa, ndi pa nthawi yake

Patangopita chaka chimodzi Papa atayankha, pa nyumba ija ya asisitere ku Hackney padafika dotolo wamkazi wa mpingo wa Anglican, Cicely Saunders. Iyeyu adayamba ngati namwino, kenaka adagwira ntchito yothandiza mabanja a odwala. M'chaka cha 1948 adasamala David Tasma, Myuda wochokera ku Warsaw amene ankafa ndi khansa ali yekhayekha m'dziko lachilendo, ndipo pomwalira adamsiyira mapaundi 500 kuti adzathandize kumanga nyumba yabwino ya anthu onga iye. Saunders adabwerera kusukulu nakhala dotolo m'chaka cha 1957.

Pa nyumba ina ya odwala mwakayakaya yotchedwa St Luke's iye adali ataona anamwino akupereka mofini wa kumwa pa maola oikika, osadikira kuti wodwala alire. Njira imeneyi ndiyo adadza nayo kwa asisitere, ndipo kuyambira 1958 mpaka 1965 adalemba mosamala mbiri ya odwala oposa 1,000. Zimene adapeza ndi izi. Mofini wa kumwa amagwira ntchito m'thupi pafupi maola anayi. Tsono ukampatsa wodwala muyeso womuyenera maola anayi alionse, muyeso wachiwiri umafika woyamba usanathe mphamvu, ndipo ululu supeza mpata wobwerera. Moto wa kutchire umazimitsika ukali pa udzu. Ukafika padenga, ngakhale mudzi wonse utunge madzi, nyumba yapita. Chimodzimodzinso ululu woletsedwa usanayambe umafuna mankhwala ochepa kusiyana ndi ululu umene wakula kale. Odwala a ku Hackney adaleka kuyang'ana kukhomo. Ambiri adakhala ali maso, akucheza, akudya ndi kupemphera, ndipo chibaba chimene madotolo ankaopa sichidaoneke monga ankaganizira.

Saunders adaphunziranso kwa odwala ake kuti ululu wa khansa suli m'thupi mokha. Munthu amamva kuwawa m'fupa, komanso amada nkhawa ndi ana amene awasiye, amavutika ndi umphawi umene matenda abweretsa pakhomo, ndipo amadzifunsa ngati Mulungu wamtaya. Zonsezi zimakolezerana ngati nkhuni za pa moto umodzi, kotero kuti botolo la mankhwala palokha silikwanira, monganso pemphero palokha silichotsa chotupa chimene chikukanikiza mtsempha. M'chaka cha 1967 adatsekula St Christopher's Hospice ku London, kumene kusamala odwala kudayenda pamodzi ndi kuphunzitsa ndi kufufuza. Kumeneko dotolo Robert Twycross adaonetsa m'zaka za m'ma 1970 kuti mofini wamba wa m'madzi amagwira ntchito mokwanira popanda zosakaniza zija za ku Brompton. Saunders mwini wake adamwalira ndi khansa m'nyumba yomweyo m'chaka cha 2005.

M'zaka zomwezo akatswiri adatulukira chinthu chodabwitsa. M'chaka cha 1973 kudapezeka kuti mu ubongo muli timalo tapadera pamene mofini amakakhala, monga kiyi m'loko wake. Ndipo m'chaka cha 1975 John Hughes ndi Hans Kosterlitz ku Aberdeen adapeza kuti thupi lenilenilo limapanga timankhwala take togwira ntchito pa timalo tomweto. Wokhulupirira akamva zimenezi sangalephere kulemekeza Mlengi, amene adaika m'duwa la kumunda chinthu cholingana ndi chimene adaika m'thupi la munthu.

Njira zina zoperekera

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidasonkhanitsa nzeru zonsezi m'chaka cha 1986, niliphunzitsa kuti mankhwala a ululu wa khansa aziperekedwa a kumwa, pa nthawi yake, ndiponso mokwera ngati makwerero: poyamba ofatsa monga aspirin ndi paracetamol, kenaka apakati monga codeine, potsiriza amphamvu monga mofini. Malangizo atsopano a m'chaka cha 2018 amalola kuyambira pa mankhwala olingana ndi kukula kwa ululu, osachita kukwera makwerero onse.

Nanga amene sangathe kumeza? M'chaka cha 1979 madotolo a ku England adayamba kugwiritsa ntchito kamakina ka batire, kamene adakonza Martin Wright, kokankha jekeseni pang'onopang'ono usana ndi usiku kudzera m'kasingano koikidwa pansi pa khungu. Kumayambiriro a zaka za m'ma 1980 kudabwera mapiritsi a mofini osungunuka mochedwa, amene munthu amamwa kawiri kokha pa tsiku. M'chaka cha 1990 ku America kudavomerezedwa pulasitala womata pakhungu wokhala ndi mankhwala otchedwa fentanyl, amene amalowa m'magazi kwa masiku atatu. M'zipatala zazikulu madotolo amathanso kuika mankhwala pafupi ndi mtsempha waukulu wa m'msana. Njira zonsezi zikutsata nzeru imodzi yomwe ija ya ku Hackney, yakuti mankhwala asathe m'thupi ululu usanatsekerezedwe.

Botolo la ku Kampala

Zambiri mwa zipangizo zimenezi nzokwera mtengo, ndipo m'midzi ya mu Africa sizifika. Nyumba yoyamba ya hospice mu Africa muno idali Island Hospice, imene idayamba m'chaka cha 1979 mu mzinda umene lero ndi Harare. Koma amene adapeza njira yoyenera amphawi adali dotolo Anne Merriman, wobadwira ku Liverpool m'chaka cha 1935, amene adakhalapo sisitere wa chipani cha Medical Missionaries of Mary nagwira ntchito ku Nigeria. Adayambitsa Hospice Africa Uganda m'chaka cha 1993, boma la dzikolo litavomera kuitanitsa mofini waufa. Ufawo ankausungunula m'madzi oyera, kuthiramo mankhwala oletsa kuonongeka ndi utoto wosonyeza mphamvu yake, nkuuika m'mabotolo wamba. Motero mankhwala adatsika mtengo kwambiri, ndipo wodwala ankatha kumwera kunyumba kwake. Popeza madotolo adali ochepa, m'chaka cha 2004 Uganda adalola anamwino ophunzitsidwa bwino kuti nawonso azilembera odwala mofini. Merriman adamwalira ku Kampala m'chaka cha 2025.

Nzeru imeneyi idafikanso kuno kwathu, kumene mliri wa Edzi udali utaphunzitsa kale madayosizi ndi miphakati kuyendera odwala m'makomo. Pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre padatsekulidwa kiliniki ya Tiyanjane m'chaka cha 2003. Bungwe la PACAM, logwirizanitsa ogwira ntchito yotere m'Malawi, lidayamba m'chaka cha 2005, ndipo ku Salima namwino Lucy Finch adatsekula Ndi Moyo m'chaka cha 2007.

Komabe ulendo ukali wautali. Akatswiri amene adasonkhanitsidwa ndi magazini ya zachipatala ya Lancet adalengeza m'chaka cha 2017 kuti theka losaukitsitsa la anthu a pa dziko lapansi limalandira gawo losakwana limodzi mwa magawo 100 a mankhwala a mtundu wa mofini. Ku America, kumene mapiritsi amphamvu adagulitsidwa mosasamala kuyambira kumapeto a zaka za m'ma 1990, anthu ochuluka zedi adafa nawo, ndipo mbiri imeneyo yadzutsanso mantha akale. Kumeneko adalakwa pomwaza mankhwala ngati mtedza. Ife tisalakwe pomana mayi amene khansa yamudya mpaka m'mafupa.

Zimene mbiriyi ikutiphunzitsa

Abale anga, mafunso atatu a m'banja aja mbiri yawayankha. Mofini woperekedwa pa muyeso umene dotolo kapena namwino walamula si wotsirizira munthu. Chimene chimampha wodwala ndi khansa, ndipo ambiri amamwa mankhwalawa miyezi yambiri akuyenda ndi kugwira tintchito tawo. Chibaba sichigwira kawirikawiri munthu womwa chifukwa cha ululu weniweni wa khansa motsata malangizo. Ndipo Eklezia, mwa mau a apapa ake, adanena poyera kuti kumwa mankhwalawa si kuthawa mtanda.

Choncho inu amene mukudwazika, perekani mankhwala pa ola limene mwauzidwa, ngakhale wodwala akuoneka kuti ali bwino, pakuti ubwinowo ukuchokera ku muyeso wapitawo. Musaonjeze kapena kuleka mwadzidzidzi pa nzeru zanu. Mofini amadzimbitsa, ndipo masiku oyamba angathe kudzetsa mseru ndi tulo. Zimenezi zili ndi chithandizo chake, tsono kafunseni kuchipatala, pakuti safunsa adadya phula. Botolo libisike kutali ndi ana, ndipo lisabwerekedwe kwa mnansi. Wansembe muitaneni msanga, wodwala akali kuzindikira, kuti alape, alandire Ukaristia ndi Kudzoza kwa Odwala ali ndi mtima wokhazikika. Inunso a mphakati musaleke kufika pakhomopo ndi nkhuni, ufa ndi kolona, chifukwa nkhawa ya wodwala pa ana ake siimva mankhwala a m'botolo.

Msamariya wachifundo wa pa Luka 10 adapeza munthu ali thapsa pamsewu. Sadamfunse ngati masautso akewo akumpindulira pa moyo wauzimu. Adatenga mankhwala amene adalipo masiku amenewo, mafuta ndi vinyo, nathira pa mabala, namanga, nalipira woti apitirize kumsamala. Mafuta ndi vinyo wa masiku athu ano adadutsa m'manja mwa anthu ambiri, kuchokera ku Paderborn, kudzera ku Hackney ndi ku Kampala, kufikira pawindo la nyumba ya kumudzi kwathu. Chatsalira ife ndi kutsekula botolo.